Kodi kompyuta ingandipekere nyimbo popanda kuphunzira solfa ndi theory?

Funso lachokera kwa mnyamata wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu:

"Zikomo akuluakulu. Ine ndimayimba kiyibodi m'kwaya ya achinyamata kumpingo kwathu. Ndimayimba ndi khutu chabe, nyimbo zonse ndimazigwira pa C n'kumasintha ndi batani la transpose. Chaka chino titagulitsa fodya ku Chinkhoma ndagula laputopu yogwirako kale ntchito, ndipo mnzanga wandiikiramo FL Studio. Iye akuti masiku ano kuphunzira solfa ndi theory n'kutaya nthawi, chifukwa pali mapulogalamu omvera nyimbo n'kukuuza kiyi ndi ma chord, ena amapeka okha nyimbo yonse. Akwayamasita athu akuti ndikapanda kuphunzira ndidzangokhala wokopera za eni. Ndili ndi nyimbo zitatu m'mutu zomwe ndikufuna kwaya idzayimbe pa Khirisimasi. Ndimvere ndani?"

Achimwene, khazikani mtima pansi, simunachedwe. Munthu wotha kuperekeza kwaya ndi khutu ali kale ndi theory m'zala, kungoti sanaipatse mayina. Dzanja lanu lamanzere likachoka pa C kupita pa F, kenako pa G n'kubwerera pa C, mukuchita zomwe mabuku amati 1, 4, 5, 1. Mnzanuyo sakunama, mapulogalamuwo alipo ndipo ena amathandizadi. Koma pa mkangano wa awiriwa ine ndili mbali ya akwayamasita, pa chifukwa chimodzi: mapulogalamu onsewa amalakwitsa, ndipo akalakwitsa sanena. Amakupatsani yankho lolakwika molimba mtima mmene amaperekera lolondola. Woona kuti apa zapotoka ndi yekhayo wodziwa pang'ono mmene nyimbo imamangidwira, ndipo pang'onopo mutha kupaphunzira m'miyezi itatu, pa laputopu yomweyo.

Choyamba tisiyanitse, chifukwa mnzanuyo waphatikiza zinthu zosiyana m'thumba limodzi. Alipo mapulogalamu omvetsera nyimbo n'kuiphwanya, monga Chordify yotchula ma chord ndi Moises yolekanitsa mawu a woyimba ndi zida. Alipo olembera manoti, monga MuseScore yomwe ndi yaulere. FL Studio, Cubase ndi BandLab ndi situdiyo zojambulira ndi kukonzera nyimbo. Kenako kuli Suno ndi Udio, zomwe mumangolemba mawu n'kukutulutsirani nyimbo yoyimbidwa kale. Pa zonsezi, zomwe zimasocheretsa kwambiri ophunzira ndi zomvetserazo, choncho tikhalepo kaye.

Pulogalamu yotchula ma chord imadula nyimbo m'tizidutswa, kuyeza manoti omwe akumveka kwambiri pa kachidutswa kalikonse, n'kulosera chord yofanana nawo. Vuto lake n'lakuti ma chord ambiri ndi pachibale. Chord ndi manoti oyimbidwa pamodzi. Mu kiyi ya F, chord 1 m'zilembo za solfa ndi d m s (doh, mi, soh), kutanthauza F, A, C. Chord 6 ndi l d m, kutanthauza D, F, A. Manoti awiri mwa atatu ndi omwewo, ndipo chosiyanitsa kwenikweni ndi besi. Tsono maikolofoni ya foni sigwira bwino mawu apansi. Mukajambula kwaya m'tchalitchi cha malata ndi simenti, momwe mawu amabwerera kuchokera m'makoma, besi imamira ndipo pulogalamu imasankha chilichonse mwa ziwirizo. Chord 4 ndi chord 2 nazonso zimasokonezedwa chimodzimodzi, popeza f l d ndi r f l zimagawana f ndi l. Pa kiyi namonso: F ndi D minor zili ndi manoti ofanana ndendende, ndiye pulogalamu ikhoza kunena kuti nyimbo yachisangalalo ili mu D minor. Wodziwa solfa amangong'ung'udza noti yomwe nyimbo imapumirapo pomaliza. Ikakhala doh, nkhani yatha.

Palinso china chomwe makwaya athu amachita osadziwa. Kwaya yoyimba popanda zida imatsika pang'onopang'ono, makamaka ikatopa kapena nyimbo ikakhala yaitali. Imayamba pa F, pofika ndime yachitatu ili pakati pa F ndi E. Khutu la munthu limatsika nayo limodzi, silidandaula. Pulogalamu siitero, chifukwa muyeso wake ndi wokhazikika: A ndi 440 Hz ndipo octave, kuchoka pa doh kufika pa doh wapamwamba, ili ndi masitepe 12 ofanana. Mudzaona ma chord a ndime yoyamba ali F, B♭, C, koma a ndime yomaliza asanduka E, A, B, kapena akudumphadumpha pakati pa ziwirizi. Wosadziwa amaganiza kuti nyimbo yasintha kiyi n'kuyamba kuloweza zinthu zomwe mulibe. Ndi chifukwa chomwechonso musayese kuyeza kalimba kapena bangwe ndi mapulogalamu amenewa. Zida zimenezi eni ake amazichuna mwa njira yawo, manoti ake ena amagwera pakati pa mabatani a kiyibodi, ndipo kompyuta imawakokera ku batani loyandikira ngati kuti akuphonya.

Pa kugunda kwa nyimbo zolakwika zake ndi ziwiri. Nyimbo ya tempo 72 pulogalamu ikhoza kuiwerenga 144, kapena ya 140 kuiyesa 70. Izi n'zosavuta, mumangogawa kapena kuchulukitsa ndi 2. Chovuta ndi nyimbo zomwe kugunda kulikonse kumagawika patatu, za 6/8 kapena 12/8, zomwe zachuluka m'makorasi ndi m'magule athu, pomwe manja akuwomba kuwiri ng'oma ikuyenda katatu. FL Studio imatseguka ili pa 4/4, mizere yake yogawika panayi. Mukajambula chuni cha patatu pa mizere ya panayi n'kudina quantize, batani lokokera manoti pa mizere yoyandikira, manoti onse amakokedwa kupita pamalo olakwika ndipo nyimbo imayamba kutsimphina. Kukonza kwake ndi kusintha snap, yomwe ndi kagawidwe ka mizereyo, kukhala 1/3 beat musanayike noti ngakhale imodzi. Koma kuti muganize zosintha, muyenera kumva kaye kuti nyimbo yanu ikuwerengeka "1-2-3, 1-2-3". Kumva kumeneko ndiye theory yomwe mnzanuyo akuti n'kutaya nthawi.

Auto-Tune ndi zinzake zowongola mawu zimakufunsani kiyi musanayambe. Mukaika yolakwika, zimakokera woyimba ku manoti omwe sanayimbe. Ngakhale kiyi ili yolondola, nyimbo zambiri za kwaya zimakhala ndi ta (t wotsitsidwa sitepe imodzi) kapena fe (f wokwezedwa sitepe imodzi) pena pake, monga alto akamatsika d, ta, l polowera chord 4. Sikelo ya major ilibe ta, ndiye pulogalamu idzamukankhira pa t kapena pa l, n'kuwononga malo okoma kwambiri a nyimboyo. Wodziwa amawonjezera notiyo pamndandanda wa zololedwa, kapena amazimitsa chowongolacho pa mzere umenewo.

Tibwere kwa zopeka zokha. Suno idzakupatsani nyimbo yomveka ngati ya pawailesi m'mphindi zochepa, zimenezo n'zoona. Koma inu mukufuna nyimbo yoti kwaya ya ku Santhe iyimbe, ndipo chomwe mudzalandire ndi mawu ojambulidwa kale, opanda solfa, opanda mzere wa alto, tena ndi besi woti muphunzitse anthu. Kuti muitulutse mmenemo mufunika khutu lophunzira lomwe lija. Onaninso malamulo ake: nyimbo zopangidwa pa akaunti yaulere saloleza kuzigulitsa kapena kupangira ndalama.

Chachikulu pamenepa ndi Chichewa chenichenicho. Chiyankhulo chathu chili kale ndi chuni chake. "Mtengo" womera m'munda ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa mofanana, chosiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Komanso kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: Mu-LU-ngu, chi-KO-ndi, chi-pu-lu-MU-tso. Chuni chabwino cha Chichewa chimaika noti yaitali kapena kugunda kwamphamvu pamenepo. Chuni chopangidwira Chingerezi nthawi zambiri chimathera pa phatikizo lomaliza lamphamvu, ndiye mukapachikapo mawu athu mumamva "Mulu-NGU", "chiko-NDI". Nyimbo zina za m'buku zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi zili choncho ndipo makutu athu anazolowera, koma nyimbo yatsopano ikatero anthu amaimva kuti ndi yobwereka ngakhale sangathe kunena chifukwa chake. Yesani izi pa nyimbo zanu zitatu: yankhulani mzere uliwonse mokweza katatu ngati mukuuza munthu ali tsidya lina la msewu, mumve pomwe mawu akukwera ndi pomwe akukoka, kenako yimbani. Pomwe chuni chikulimbana ndi kayankhulidwe, sinthani chuni kapena sinthani liwu.

Kompyuta siipumanso mpweya, ndipo siidziwa pomwe khosi la munthu limalekezera. Pa tempo 72, mabala (bar) 4 a 4/4, kugunda kanayi pa bala lililonse, amatenga masekondi 13. Pa kiyibodi ndi kanthu kochepa, koma oyimba ambiri safika kumapeto opanda kuba mpweya pakati pa liwu. Ikani popumira pakatha mabala awiri aliwonse, pogwirizana ndi pomwe chiganizo chikupumira. Za kukwera, kwa kwaya wamba yosaphunzitsidwa mawu sungani soprano pakati pa C4 ndi E5 kapena F5, alto pakati pa A3 ndi C5, tena pakati pa D3 ndi F4, besi pakati pa G2 ndi C4. Ngati mpingo wonse udzayimba nawo, chuni chisapitirire D5. Apa ndi pomwe kiyi imasankhidwira: chuni chofika pa doh wapamwamba chimakhala pa D5 mu kiyi ya D, koma mu kiyi ya G chafika pa G5 ndipo amayi adzayamba kukuwa. Samalani ndi manambalawa, chifukwa C wapakati pa kiyibodi MuseScore imamutcha C4, FL Studio imamutcha C5, pomwe Cubase imamutcha C3. Ambiri asokonezeka pamenepa n'kulemba besi yokwera kapena yotsika ndi octave yathunthu. Manambala ndapereka pamwambawa ndi a kawerengedwe ka MuseScore.

Nanga theory yofunikayo ndi iti? Yambani ndi solfa, musaione ngati ya agogo. Njira imeneyi anaifalitsa John Curwen ku England m'zaka za m'ma 1840, potengera ntchito ya Sarah Glover, ndipo kuno inabwera ndi amishoni. Ubwino wake ndi woti doh amasuntha: d r m ndi d r m mu kiyi iliyonse, choncho mukaphunzira kamodzi mwaphunzirira makiyi onse 12. Sikelo yake imamangidwa ndi masitepe 2, 2, 1, 2, 2, 2, 1, powerenga mabatani oyera ndi akuda omwe. Yambirani pa F muwerenge choncho, mudzaona nokha chifukwa chake B♭ amalowa. Pa piano roll ya FL Studio, poikira manoti, mzere uliwonse ndi sitepe imodzi, ndiye mutha kuziona ndi maso. Chord ya major ndi masitepe 4 kenako 3, ya minor ndi 3 kenako 4. Kenako lowezani ma chord asanu m'solfa: 1 ndi d m s, 4 ndi f l d, 5 ndi s t r, 6 ndi l d m, 2 ndi r f l. Nyimbo zambiri za kwaya ndi makorasi zimayenda ndi amenewa. Pa kalembedwe ka nthawi, mzere woimirira umasonyeza kugunda kwamphamvu, madontho awiri amalekanitsa kugunda, dontho limodzi limagawa kugunda pawiri, chizindikiro cha koma (,) chimagawa panayi, ndipo kamzere kogona kamatanthauza kuti noti ipitirire. Zonsezi zikwana pa tsamba limodzi la kope.

Chotenga nthawi ndi khutu, ndipo pamenepa laputopu imasanduka mphunzitsi wosatopa. Tsiku lililonse patulani mphindi 20 kapena 30. Tengani nyimbo ya m'buku yomwe mumaidziwa bwino, lembani solfa ya mzere woyamba papepala osakhudza kiyibodi, kenako ikani manotiwo pa piano roll mumve. Pomwe kompyuta yayimba zosiyana ndi zomwe zili m'mutu mwanu ndi pomwe mwaphonya. Ambiri amaphonya polumpha, monga kusokoneza d kupita f ndi d kupita s. Ndi ma chord chitaninso chimodzimodzi: loserani nokha kaye, kenako mufunse Chordify, ndipo pomwe mwasiyana yimbani zonse ziwiri pa kiyibodi khutu liweruze. Mudzadabwa kuti nthawi zina wolondola ndinu. Mukayamba ndi kufunsa pulogalamu musanayese nokha, khutu silikula, ngakhale mutachita zimenezi chaka chathunthu.

Batani la transpose lisiyeni pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi pakati pa mapemphero. Mwezi uno phunzirani F, wamawa G, kenako D ndi B♭. Ngozi ya transpose mukuidziwa kale: kuiwala kubweza pa 0, kwaya n'kuyamba nyimbo yotsatira pamwamba posafikika. Ndipo tsiku lomwe mudzayimbe ndi wa gitala ya besi, C wanu adzakhala F wake, simudzamvana.

Pogawa mawu anayi ndi pomwe zida za FL Studio zoyika chord yonse ndi kudina kamodzi zimanamiza anthu. Zimanyamula manoti atatu onse n'kuwasuntha limodzi ngati njerwa, zomwe zala zimatha koma makosi amavutika nazo. Lamulo losavuta ndi ili: noti ikapezeka m'ma chord onse awiri, liwu lomwe lili nayo likhale pomwepo, ena apite ku noti yoyandikira, wolumpha akhale besi. Kuchoka pa chord 1 kupita pa 5 mu kiyi ya F, soprano atsike m kupita r, alto atsike d kupita t, tena akhale pa s osasuntha, besi achoke pa d kupita s. Lembani chuni kaye, kenako besi, alto ndi tena pomaliza, ndipo mzere uliwonse muuyimbe nokha ndi pakamwa. Ukakuvutani inu, alto wa Sitandade 8 sadzautha. MuseScore imathandiza pano, chifukwa noti ikapitirira malire a liwu imasintha mtundu, ndipo mutha kuiuza kuti ilembe do, re, mi m'kati mwa manoti. Solfa ya madontho ndi mizere yoti mugawire kwaya mudzalembabe nokha.

Ndikuchenjezeni za mabukuwo. Theory yambiri yolembedwa ikufotokoza nyimbo za ku Ulaya, ndipo mudzawerengamo kuti mawu awiri asamayende limodzi motalikirana masitepe 7, zomwe amati parallel fifths. Pa nyimbo ya mtundu wa m'buku la nyimbo, lamulolo n'lothandiza. Koma amayi akamayimba chimtali, wina kutsogolera ena kuvomera, mawu akuyenda limodzi mokwera ndi motsika, sakulakwitsa kanthu. Ndiwo mamvekedwe ake. Nyimbo yanu ikakhala ya mtundu umenewo, musaiwongole mpaka kuichotsa fungo la kwanu.

Za Khirisimasi, musatenge zonse zitatu. Sankhani imodzi, ijambuleni pa foni lero lomwe mukuyimba nokha kuti isathawe, ndipo tsiku lojambulalo likhale umboni woti ndi yanu. Sabata ziwiri zoyamba lembani solfa ya chuni ndi kupeza tempo powomba m'manja. Sabata yachitatu ikani ma chord ndi besi. Kenako alto ndi tena, n'kutulutsa liwu lililonse palokha ngati MP3 kuti mutumizire oyimba pa WhatsApp aziphunzira kunyumba. Musanapereke kwa kwaya yonse, itanani anthu anayi, mmodzi pa liwu lililonse, ayimbe. Mphindi 10 za anthu anayiwo zidzakuonetsani zolakwika zomwe mahedifoni anabisa.

Laputopuyo ikakhala ndi RAM ya 4 GB, MuseScore 4 idzalemera. Funani MuseScore 3.6, ndi yopepuka ndipo imagwira popanda intaneti. Chordify, Moises ndi Suno zimadya bandulo. Funsaninso mnzanuyo kuti FL Studio wakuikiraniyo ndi yotani: ya trial imalola kusunga ntchito koma siilola kuitsegulanso, ndipo yobedwa imabwera kawirikawiri ndi mavairasi n'kumazima pakati pa ntchito. Dinani Ctrl ndi S pafupipafupi chifukwa batire la laputopu yakale silichedwa kutha magetsi akathima, ndipo sungani kope lina pa fulashi.

Pofuna thandizo, woyamba ndi akwayamasita anu omwewo. Apempheni mphindi 30 pakatha pulakatisi, muwayimbire solfa yomwe mwalemba aione ndi pensulo m'manja. Ngati patatha miyezi iwiri mukulepherabe kupeza doh wa nyimbo, kapena simukumva kusiyana kwa major ndi minor, mukufunika munthu wokhala nanu pafupi, chifukwa pulogalamu siingamve chomwe khutu lanu likusokoneza. Nyimbo ikakhala ya mpikisano wa makwaya, kapena mukufuna kulipira situdiyo ku Kasungu boma kapena ku Lilongwe, ipatseni kaye wodziwa kugawa mawu aiwunike, poti kukonza kiyi mutajambula kale ndi kulipira kawiri. Mukafuna kupita patali ndi maphunzirowa, ku Lilongwe kuli Music Crossroads, ndipo ku Zomba yunivesite imaphunzitsa za nyimbo. Nyimbo ikayamba kumveka pawailesi kapena kugulitsidwa, pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, mukailembetse, ndipo ngati mwatengamo kachidutswa ka nyimbo ya wina kafunseni komweko musanaitulutse. Makutu akamalira mukavula mahedifoni, tsitsani voliyumu ndipo muzipumira. Kulirako kukapanda kusiya, kapena mawu akasasa kupitirira sabata zitatu, pitani kuchipatala akakuoneni.